Nkhumba Pansi pa Munda wa Anyezi

Ife amene tinabadwira m'mbali mwa paipi ya mafuta, nkhumba timaidziwa ngati mmene anthu a kunjanji amadziwira sitima. Sindikunena ya m'khola. Ndikunena chija a kampani amachilowetsa m'paipi kumusi uko, dizilo n'kumachikankha kumbuyo, icho chikupala zinyalala m'kati mpaka chikatulukire kumtunda. Zina zimakhala zofewa ngati siponji, zina ndi chitsulo chovekedwa mbale za mphira. Ikamadutsa pansi pa mudzi wathu wa Mgongwe nthaka imakutekenya kuphazi, ndipo imalira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga. Agalu amauwa pang'ono, kenako aliyense amabwerera ku zake.

Ine ndine Yustina, koma pamudzi amanditchula Sekihwele, kutengera bambo anga. Ndimagulitsa ulanzi, mowa wathu wa nsungwi, komanso ndimalima anyezi kudimba m'mphepete mwa mtsinje, pamwamba penipeni pa paipi. A kampani amaletsa mitengo ndi nyumba pamenepo, koma anyezi amangomuyang'ana. Amuna anga ndi a Atilio Mdemu, owotcherera zitsulo. M'mudzi monse makina owotcherera alipo amodzi okha, awowo. Makina amenewo ndiwo anaphunzitsa mwana wathu Nuru mpaka kusekondale, ndipo ndi omwewonso anatiputira tsoka.

M'mawa wa tsikulo ndinali kudimba, ndikuthirira. Ndinaimva nkhumba ikubwera kuchokera kumusi, koma kaliridwe kake kanali kachilendo, kolemera, ngati ngolo yodzaza miyala. Inafika pansi pa mabedi anga, n'kungoti gu. Madzi a m'kheni anagwedera. Ndinadikira kuti ndiimve ikupitirira, koma kunali zii.

Posakhalitsa anatulukira Kalinga, mmodzi wa amene amatsatira nkhumba wapansi, kamtengo kachitsulo m'manja, zomvera m'makutu. Kalinga ndi kasitomala wanga, amamwa ulanzi ngati ng'ombe. Anazungulira mabedi anga, kuima, kubwerera, kuimanso. Kenako anazika kamtengo ka nsalu yofiira pakati pa anyezi.

"Iwe Kalinga, ukundipondera anyezi ndi mapazi akowo."

"Mayi, mwaimva?"

"Ndaimva ikubwera. Kupita sindinaimve."

Anavula zomvera zija, n'kuyang'ana kumsewu. "Bambo ali kuti?"

"Kushopu, alinso kuti."

"Kawauzeni akaone abale awo kutali lero. Ine ndikangonena pawayilesi kuti yaimira pano, mukudziwa amene abwere."

Ndinkadziwadi. Anthu a paipi mutu wawo ndi umodzi. Nkhumba ikaima pafupi ndi mudzi, iwo amati basi, akuba mafuta. Akubawo amakumba, amawotcherera kampope pa paipi, n'kuboola, ndiye nsonga ya chitsulo yotsalira m'kati imakola nkhumba. Zinachitikapo kuseri kwa phiri, sindikana. Ndipo zikatero safunsa zambiri, amangofunsa kuti pamudzi pano ali ndi makina owotcherera ndani.

Ndinataya kheni n'kuthamanga. Ndinawapeza a Atilio atawerama pa pulawo ya munthu, chigoba kumaso, moto uli thetheee. Ndinawafotokozera zonse ndikupuma wefuwefu. Iwo anakweza chigoba, n'kundiyang'ana ndi nkhope yawo ija yosadziwa kufulumira.

"Ndithawe chiyani, amake Nuru? Ndikathawa ndiye ndavomera."

"Mukavomere muli moyo kwa achemwali anu."

"Akumbe aone. Paipi ili pompo, siinapite kumsika."

Anatsitsa chigoba n'kupitiriza. Munthu ameneyu ndakhala naye zaka zambiri, koma tsikulo ndinafuna kumumenya ndi pulawo yomweyo.

Alonda a paipi si apolisi. Ndi anyamata olembedwa ndi kampani ina, ovala zobiriwira, opatsidwa mfuti asanaphunzire kupereka moni. Mkulu wawo ndi Ngonyani, amene amafuna tizimutchula Afande ngati msilikali. Anafika pa galimoto yotsegula kumbuyo, ali anayi, fumbi lili koboo.

"Mdemu, zimitsa makina."

"Ndimalize kaye msoko uwu, Afande."

Ngonyani anazula chingwe cha makina, kuchipinda pawiri, n'kuwakwapula nacho kumutu. Chigoba chinagwa, galasi lake n'kusweka. Chachiwiri chinawapeza pakamwa. Anyamata awiri anawagwira mikono, wachitatu anawamenya ndi bondo m'mimba, ndipo ndinamva mpweya ukutuluka mwa amuna anga ngati m'chubu chophulika. Ndinalumphira wa bondoyo kumsana, n'kumuluma khutu. Ndinaluma ndithu, mpaka ndinamva mchere. Iye anandigwetsa, n'kunditibula ndi thako la mfuti pachifuwa. Ndinakhala pansi ndikusaka mpweya, ndikuona akuwaponya a Atilio m'galimoto ngati thumba la makala. Asanakwere, Ngonyani anayang'ana pa tebulo la zida, n'kusankhapo nyundo yaikulu, yowongolera zitsulo.

Nditafika kudimba ndinapeza mudzi wonse uli pamenepo. Galimoto anali ataiimika pa anyezi, a Atilio atawamangirira dzanja lamanzere ku chitsulo cha kumbuyo kwake. Amuna asanu ndi mmodzi a pamudzi anali atapatsidwa mapiki ndi mafosholo, akukumba pa kamtengo ka Kalinga, mfuti ikuwayang'ana. Anyezi wanga, amene anali atatsala pang'ono kukhwima, ankauluka ndi dothi.

Ngonyani anaika nyundo ija pa chitseko cha kumbuyo kwa galimoto, pafupi ndi nkhope ya a Atilio, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mdemu, ine ndanena kale kwa mabwana kuti wakuba ndamugwira. Ukandionetsa pamene unaboola, upita kupolisi ndi manja ako onse awiri. Ukandisiya kuti ndipeze ndekha, dzanja limene linagwira chobooleracho ulisiya pano."

"Palibe chimene ndinaboola, Afande."

Anawamenya khofi. Anafunsanso, anayankha chimodzimodzi, anawamenya ndi lamba wawo womwe, atawavula m'chiuno. Zinapitirira choncho, funso, lamba, funso, nsapato. Ine maso anga sanali pa lamba. Anali pa dzanja lamanja lija, limene a Atilio anali atalibisa kukhwapa ngati mwana wobisa ndiwo. Mabala a lamba amapola, mano amatha kusowa munthu n'kumadyabe. Koma wowotcherera akatha dzanja lamanja watha yense, ndipo ine ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

"Afande," ndinatero ndikuyandikira chogwada, "mwamwa ulanzi wanga kangati? Mwakhala pa benchi yanga kangati? Munamvapo fungo la dizilo panyumba panga?"

"Mayi, khalani uko."

"Bwerani mukafufuze m'nyumba. Mukagubuduze migolo yonse."

"Ndati khalani uko. Mwandilumira kale mnyamata."

Mnyamata wa khutuyo anandikoka tsitsi mpaka kumbali, n'kundikankhira mu ngalande. Ndinadzuka ndili matope okhaokha. Ndinamutukwana iye, ndinatukwana amene anamubereka, ndinatukwana ndi azibambo a pamudzi amene anangoima manja ali kumbuyo ngati ali pamaliro a mlendo.

Dzuwa lili pamutu fosholo inagunda chinthu. Okumba anasiya mapiki n'kuyamba kupalasa ndi manja. Paipi inaonekera, yakuda ndi phula lake, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Anaifukula kutalika ngati machira awiri, pamwamba, m'mbali, mpaka pansi pake. Anthu anadzaza m'mphepete mwa dzenje. Panalibe kampope, panalibe chigamba, ngakhale pokandika penipeni panalibe.

Ngonyani anatsikira yekha. Anaisisita paipi ndi manja onse awiri kuchokera uku kufika uko. Anagona chagada m'matope, n'kulowetsa mutu pansi pake. Anatuluka yunifolomu ili thope, chipewa chitatsalira m'madzi. Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinati basi, zatha, awamasula.

Ndiye amuna anga ali ndi nthenda imodzi. Salankhula tsiku lonse, koma akalankhula amasankha nthawi yoipa. Analavula magazi, n'kunena ndi mawu awo ofatsa aja:

"Afande, poti mwatsikira kale, mutolereko anyeziyo. Musabwerere chimanjamanja."

Anthu anaseka. Sanafune, koma kunawatuluka. Ngakhale mmodzi wa alonda anatembenuka kubisa mano. Ngonyani anakwera kutuluka m'dzenje muja pang'onopang'ono, osayang'ana munthu, n'kumapukuta matope m'manja. Ine sindinaseke.

"Kampope kali patsogolo," anatero. "Kumbani."

Nthawi yomweyo inafika galimoto yoyera ya kampani. Munatsika mayi wamfupi wa chipewa cholimba choyera, chikwama chachitsulo m'manja. Anali mayi Mshana, injiniya wochokera ku siteshoni yopopera mafuta. Atangosuzumira m'dzenje nkhope inasintha.

"Ndani walola mapiki pano? Kumusi akukankhabe mafuta ndi mphamvu zonse kuti nkhumba isunthe, inu mukugogoda paipi ndi mapiki? Mukufuna mudzi wonse upse?"

Analanda wayilesi ya Kalinga n'kulamula kuti azimitse mapampu a kusiteshoni. Kenako anaona a Atilio. "Uyu ndani?"

"Wakuba wake," anatero Ngonyani.

"Musamukhudzenso mpaka ndione paipi."

Madzi a mtsinje anali atayamba kusefukira m'dzenje, ndiye anyamata amene anabwera ndi mayiwo anatsitsa pampu yochotsera madzi n'kuiliza. Pampu imeneyo phokoso lake linali ngati chigayo. Mayi Mshana anatsika pa makwerero, ine pambuyo pawo.

"Mayi, tulukani muno," anakuwa.

"Amene amangidwawo ndi amuna anga. Ndituluka ndi inu."

Anandiyang'ana, anayang'ana matope ndi magazi pa bulauzi yanga, n'kundisiya. Anayenda m'mbali mwa paipi madzi ali m'mawondo, dzanja lili pa phula, mpaka anaima pamene panali kamzere kotukuka kozungulira paipi yonse. Mkazi wa wowotcherera sauzidwa, umenewo unali msoko, polumikizira mapaipi awiri. Anapala phula ndi mpeni mbali ino ya msoko, anapalanso mbali inayo. Anapaka timafuta, n'kugunditsa kachipangizo kokhala ngati batani, kolumikizidwa ku kabokosi ka manambala. Anawerenga. Anapita mbali inayo, anawerenga. Anabwereranso koyamba kuja. Kenako anatsamira khoma la dzenje n'kutseka maso.

"Mwapeza chiyani?" ndinakuwa.

"Pano panakonzedwapo?"

"Chaka cha chigumula. Mtsinje unadya gombe, paipi inatsala lende. Anthu anu anadula n'kuika ina."

Anandikokera pafupi, pakamwa pawo pali pa khutu langa chifukwa cha pampu ija. "Taonani. Uku ndi uku, kunja n'chimodzimodzi, zonse timazitcha paipi ya mainchesi eyiti. Mapaipi amapangidwa kuti kunja azifanana, ndiye ukangoyang'ana sungadziwe. Koma chidutswa anaikachi ndi chija cholimba chowolotsera mitsinje, khoma lake n'lochindikala pafupifupi kawiri. Khoma likachindikala silikulira kunja. Limadyera m'kati."

Ndinamva msanga, chifukwa nsungwi ndimadula tsiku ndi tsiku. Ziwiri zimatha kufanana kunenepa, koma ukadula, ina chala chimalowa, ina chikukana.

"Nanga zaka zonsezi nkhumba zimadutsa bwanji?"

"Zinali zofewa, zimadzifinya n'kudutsa. Ya lero ndi yatsopano, ya chitsulo, mbale zake n'zolimba. Tinaipanga potengera m'kati mwa paipi yakale. Timayenera kuyamba tatumiza ina yoyezera njira, koma tinafulumira. Yalowa mutu m'chidutswa chopanikizachi n'kukakamira." Anamenya paipi ndi chikhatho. "Ili apa. Palibe anaboola. Kulakwa ndi kwathu."

Ndinagwira paipi ija, ndikulira, ndikuseka, zonse pamodzi. Kenako ndinawagwira mayiwo mkono mwamphamvu.

"Zimenezi musandinong'oneze ine m'dzenje. Mukazinene pamwambapo, mokweza, Ngonyani amve, mudzi umve."

"Ndikanena," anatero. "Tiyeni."

Ndinakwera makwerero ndine woyamba, mawu ali kale pakamwa. Koma nditatulutsa mutu ndinaona kuti palibe amene akuyang'ana kudzenje. Anthu onse anali atatembenukira ku galimoto ya alonda. Amayi ena anali atafunda zitenje kumaso. Kalinga anali atagwada pa ngalande, akusanza. Alonda atatu anali ataima mzere, mfuti zitaloza anthu. Wina anazimitsa pampu, ndipo m'chete mmenemo ndinamva kubuula, kwapansipansi, ngati kwa ng'ombe yodwala.

Ngonyani anatulukira kuseri kwa galimoto, nyundo ili m'manja. Anawerama n'kuipukuta pa masamba a anyezi.

"Madamu, musavutike," anatero. "Wavomera."

"Wavomera chiyani?" anafunsa mayi Mshana, akutuluka m'dzenje.

"Kuti anaboola. Kungomugunda kamodzi, wayimba yekha."

"Ndiye munasiya atavomera?"

Ngonyani anapitiriza kupukuta nyundo.

Mayi Mshana analankhula mokweza monga anandilonjezera. Anati paipi ilibe bowo. Anati nkhumba yakakamira chifukwa chidutswa chimene kampani inaika yokha n'chopanikiza m'kati. Anati munthuyu wavomera chinthu chimene kulibe. Anthu anamva zonse, koma ine mawuwo ankandidutsa ngati akunenedwa kutsidya la mtsinje. Ndinali nditaona kale chitseko cha kumbuyo kwa galimoto, ndi chimene chinkadontha kuchokera pamenepo.

Fosholo inali chiimire pa mulu wa dothi. Sindikumbuka ndikuizula. Ndikukumbuka kulemera kwake, ndi Ngonyani akutembenuka mochedwa. Inamupeza pa tsaya ndi khutu. Anagwa chammbali, nyundo n'kutayika. Ndinakwezanso, yachiwiri inamupeza paphewa, ndipo ndinamva chinthu chikuthyoka. Ndikanapitiriza. Ndikunena poyera, ndinkafuna kumupha, ndipo mpaka lero sindinapemphe chikhululukiro kwa wansembe pa zimenezo. Kalinga ndiye anandigwira m'chiuno n'kundinyamula.

Pamenepo mudzi unadzuka, mochedwa monga mwa masiku onse. Okumba aja ananyamula mapiki. Miyala inayamba kugwa pa galimoto, galasi lakutsogolo linasweka. Mlonda wina analiza mfuti m'mwamba, anthu anabalalika n'kubwereranso. Mayi Mshana anathamangira pakati, manja ali m'mwamba.

"Musawombere! Paipi ili pamtunda, yadzaza mafuta!"

Alonda anamukoka Ngonyani miyendo n'kumuponya m'galimoto. Mmodzi anadula chingwe chimene anamangira a Atilio, n'kuwakankhira pansi ndi phazi. Galimoto inabwerera chambuyo pa mabedi otsala, inagunda ngalande, n'kuthawa miyala ikuitsata. Achinyamata anaithamangitsa mpaka kumsewu.

A Atilio anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, dzanja lamanja lili pamwendo. Ndinagwada pambali pawo. Ndakhala ndikupha nkhuku ndi mbuzi moyo wanga wonse, magazi sandiopsa, koma apa ndinayang'ana kamodzi kokha. Zala zinali zitaloza uku ndi uku. Chikhatho chinali chitaphwanyika, chofutukuka, mafupa oyera akuonekera. Ndinavula chitenje changa n'kukulunga, iwo akukukuta mano.

"Ndinawauza kuti ndinaboola," anatero osandiyang'ana. "Ndimati mwina asiya."

"Khalani chete, bambo."

"Ndiye yapezeka chiyani?"

"Paipi ndi yopanikiza m'kati. Anaika okha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu wa ntchito amene wauzidwa vuto la makina. "Khoma lochindikala," anatero. "Inde. Zimatheka."

Mayi Mshana anabweretsa galimoto yawo pafupi kuti tipite kuchipatala. Ankalankhula zambiri, kuti akachitira umboni, kuti kampani ilipira madokotala, kuti Ngonyani akayankha mlandu. Anthu awiri anabwera kuti awanyamule a Atilio, koma iwo anakana. Anati miyendo yawo ilibe kanthu.

Anadzuka okha, akudzandira. Ataima, buluku linayamba kutsika, poti lamba anali atapita ndi alonda ndipo batani linali litamasuka. Analigwira ndi dzanja lamanzere. Anayesa kulowetsa batani pa bowo lake, linapulumuka. Anayesanso, linapulumukanso. Dzanja lokulungidwa lija linanyamuka lokha kuti lithandize, n'kuima panjira. Analiyang'ana nthawi yaitali. Mudzi wonse unali utaima pomwepo, amuna, akazi, apongozi awo omwe.

"Amake Nuru," anatero motsitsa mawu, "tandimangire."

Ndinagwada m'matope patsogolo pawo, n'kuwamangira.